MSIYENI KALULU ADZITSUTSE

Pabuka kagulu ka ophunzira kofuna kusoka zigamba pa moyo wa Kalulu. Funso lawo nali: Kalulu amene adanyenga alonda a pachitsime ndi uchi mpaka kuwamanga, adagwidwa bwanji ndi Fulu wokwawa? Ena akuti adalipo awiri, bambo ndi mwana. Ena akuti Fulu adam'peza atakalamba. Zamkutu!

Matendawa ndi a m'buku. Geraldine Elliot adasanja nthano za kuno m'Chingerezi: The Long Grass Whispers mu 1939, Where the Leopard Passes mu 1949. Nthano zikandandalikidwa papepala chotere, wowerenga amaziyesa mbiri ya munthu mmodzi.

Pitani ku Mtengowanthenga, ku Dowa, madzulo anthu atakolola. Agogo akati "Padangokhala," Kalulu amabadwanso. Lero apambana, kuti mwana wamasiye adziwe kuti nzeru ziposa mphamvu. Mawa agwidwa, kuti mdzukulu wamatama amve. Agogowo sanaiwale ayi, akuyang'ana amene akuotha nawo moto.

Aphunzitsi ndi ophunzira anzanga, mukagwirizanitsa nthanozi mulanda agogo ufulu umenewu. Mutsala ndi Kalulu mmodzi woumika, wongolembera mayeso.