Doko la Nsanje: mbereko ilipo, mwana kulibe

Aliyense amene adali pa Nsanje boma pa 23 Okutobala 2010 sangaiwale chikondwerero cha tsikulo. Mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, malemu Bingu wa Mutharika, adatsegulira doko la Nsanje World Inland Port pamaso pa Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia. Magule adavinidwa, galimoto za akuluakulu zidadzaza tauniyo, ndipo anthu adauzidwa kuti sitima ziziyenda mu Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde.

Sitima yomwe khamulo limadikirira siidafike. Akuluakulu a boma la Mozambique adaigwira ku Marromeu pamodzi ndi feteleza yemwe idanyamula, ati kafukufuku wa njirayo adali asanachitike. Mtsogoleri wawo, Armando Guebuza, sadabwere n'komwe kumwambowo.

Ife sitikunyoza ganizo lenilenilo. Dziko lopanda nyanja ya mchere ngati lathu limalipira zambiri potumiza ndi kuitanitsa katundu, choncho kufuna njira yotchipa sikulakwa. Chomwe chimatipweteka n'chakuti ndalama pafupifupi $20 miliyoni zidathiridwa mu konkire yomwe kampani ya Mota-Engil idamanga, eni madzi a kumunsi asanavomere. Gawo lalikulu la njirayo lili m'dziko la eni. Kodi munthu amamanga nkhokwe m'munda womwe sadapatsidwe? Akuluakulu amati uku n'kugula mbereko mwana asanabadwe, ndipo mayi wa pamsika wa Nchalo atachita zotere ndi ndalama za banja, apongozi sangamusekerere.

Kafukufuku uja adadzachitika pambuyo, phwando litatha kale, ndipo Mozambique sidasinthe maganizo.

Pamtunda pang'ono, ku Chiromo, madzi adadula msewu ndi njanji mu 1997. Kuyambira apo anthu a ku Makhanga ndi Muona akhala akuoloka pa Mtayamoyo pamabwato, odwala ndi amayi oyembekezera omwe. Madzi osefukira a 2015 komanso namondwe wa Freddy mu 2023 adawapeza ali momwemo. Kumeneko kudalibe riboni yodula, mwina n'chifukwa chake ndalama zidachedwa kuona njira.

Tikupempha aphungu a Chikwawa ndi Nsanje kuti afunse m'Nyumba ya Malamulo ndalama zonse zomwe zidalowa padokoli, kuphatikizapo za mwambo wotsegulira, ndipo yankholo liwerengedwe pawailesi m'Chichewa ndi m'Chisena.