Makina a Otizimu Ayesedwe Kaye pa Ana Athu

Amalawi anzanga, kusikelo timathamangira kulemera kwa mwana basi. Mwana wa zaka ziwiri wosacheuka akamuitana dzina, wosaloza chinthu ndi chala, timangoti walodzedwa, pamene mwina ndi otizimu.

Ku America, akatswiri a pa yunivesite ya Duke anapanga pulogalamu ya pa tabuleti yotchedwa SenseToKnow. Mwana amaonera timafilimu, kamera n'kumatsata maso ake, nkhope ndi kaphethiridwe. Mu 2023 analengeza kuti atayesa ana 475, inazindikira pafupifupi 9 mwa ana 10 alionse a otizimu. Nzeru imeneyi ine ndaiyamikira.

Koma anawo anali a ku North Carolina. Inu amene munakhala kunja mukudziwa kuti moyo wa kumeneko si wa kuno. Ngakhale mafunso otchuka oyezera otizimu, a M-CHAT, amafunsa makolo ngati mwana amalira akamva phokoso la makina opopera fumbi m'nyumba. Ndi amayi angati ku Ndirande ali nawo makinawo?

Ine ndikuti Unduna wa Zaumoyo usalandire chida chosayesedwa pa ana athu. Chiyesedwe kusikelo komweko, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, m'manja mwa alangizi a zaumoyo, pa foni yotchipa yogwira popanda intaneti. Ndipo mayi pomuuza zotsatira, amuuzenso chipatala choti apiteko ndi mwanayo.