Mwana wamasiye naye ali ndi kwawo

Abale anga, sabata ino tiyeni tisiye kaye za ndale ndi mitengo ya feteleza, tikambeko za ana amasiye. Makamaka ndikufuna tikambe za midzi ija amamanga a mabungwe achifundo, kumene mwana amagona konko, kudya konko, kuphunzira konko, mpaka kumera ndevu ali mkati mwa mpanda. Ambiri a ife tikadutsa pamalo otere timangoti "koma anthu awa Mulungu awadalitse", n'kupitiriza ulendo wathu. Inenso ndikuti awadalitsedi. Koma pali funso limodzi lomwe sitikonda kufunsa: mwana ameneyu akadzakula, tsiku lotuluka pageti litakwana, adzalowera kuti?

Ndiyambe ndi kunena mosapsatira kuti ntchito yolera ana a eni si yamasewera, ndipo amene akuichita sindikuwanyoza ayi. Tonse tikudziwa kumene tachokera. Kuyambira mu 1985 pamene Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno, kufikira mu 2004 pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere, manda a kuno ku Machinga ndi ku Balaka anameza anthu a msinkhu wobereka osawerengeka. Otsala anali agogo ndi tiana. Ife amene tinabadwa chakumapeto kwa nyengo imeneyo tinakula ndi anzathu ambirimbiri amene mawu oti "amayi" ankaitanira agogo awo. Pamwamba pa izo panabwera njala ya 2002, ndipo posachedwapa namondwe wa Freddy mu 2023 anasiyanso ana ena opanda wowayang'anira. Ndiye nkhani ya umasiye sinathe, ingosintha malaya.

Maganizo omanga mudzi wa ana sanayambire kuno. Bambo wina wa ku Austria, Hermann Gmeiner, ndiye anayambitsa midzi ya SOS mu 1949 poona ana amene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawasiya padzuwa. Iye anafuna kuti m'malo mowaunjika ana m'chinyumba chimodzi ngati asilikali, pakhale nyumba zingapo, nyumba iliyonse ndi mayi wake wolera kagulu ka ana ngati banja. Kuno kwathu a SOS anafika ku Lilongwe, Mzuzu, Blantyre ndi ku Ngabu, ndipo mipingo ndi mabungwe ena ambiri anatengera njira yomweyo. Mwana wa pamalo otere amadya katatu patsiku, amagona m'neti, akatentha thupi amaonana ndi adokotala tsiku lomwelo, yunifolomu ndi makope sasowa. Kodi ndi makomo angati ku Nsanama, ku Ntaja kapena ku Ulongwe amene angakwanitse zonsezi?

Pa nkhani ya makanda ndiye palibenso chotsutsa. Mayi akamwalira pobereka, khanda la sabata imodzi silingadye mgaiwa. Limafuna mkaka wa m'chitini, ndipo mtengo wa chitini chimodzi agogo a kumudzi akaumva amangogwira pakamwa. Apa m'pamene malo ngati Open Arms, amene anayamba ku Blantyre mu 1995 n'kudzatsegulanso ku Mangochi, kapena masisitere a ku Kankao ku Balaka, apulumutsa miyoyo yomwe ikanatsatira amayi awo kumanda. Chomwe ndimayamikira a Open Arms n'choti cholinga chawo chinali kulera khandalo mpaka litalimba miyendo, kenako n'kulibwezera kwa abale ake. Mfundo imeneyi muigwire, tibwererakonso.

Tsono vuto lili pati? Loyamba ndi ili: ana ambiri amene ali m'midzi yotereyi si kuti alibiretu mbale. Bungwe la Malawi Human Rights Commission litayendera malo osungirako ana mu 2017 linapeza ana oposa 8,000 m'dziko muno. Mukafufuza bwino za ana otere mupeza kuti ambiri ali ndi agogo, azakhali, atsibweni, ena bambo awo ali moyo ndithu koma analowera ku Joni n'kusintha nambala ya foni. Chimene chimamulowetsa mwana pageti nthawi zambiri si imfa yokha, ndi umphawi ndi sukulu.

Inde, a Bakili Muluzi, mwana wa kuno ku Machinga, anachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ndipo ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma fizi ikachoka, kope silichoka, sopo sachoka, njala ya m'mawa sichoka. Agogo akakhala pakhonde n'kuwerengetsa, amaona kuti mdzukulu akalowa kumpanda kuja adzadya ndi kuphunzira, akatsala pakhomo adzakhala woweta mbuzi za eni. Ndiye mumawaimba mlandu agogowo? Ine ayi. Ena mpaka amanama kwa alembi a bungwe kuti makolo onse awiri anamwalira, pofuna kuti mwana alembedwe. Bodza lotere limabadwa ndi chikondi, koma mapeto ake mwana amakula akudziwa kuti alibe aliyense, pamene abale ake ali pamtunda wa K2,000 ya kabaza.

Vuto lachiwiri ndi limene limandiwawa kwambiri, ndipo ndi la munda. Kuno kwathu, kwa Ayao ngakhale kwa Anyanja ndi Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi. Malo ake ali kumudzi kwa amake, ndipo womuyang'anira ndi mwinimbumba, atsibweni ake. Munda wa kumudzi ulibe pepala. Umadziwika ndi amene akuulima ndi amene akuoneka pamaliro, pazinamwali ndi pamilandu. Mwana akachoka ali ndi zaka zinayi n'kubwerera ali ndi zaka 19, mukuganiza kuti mundawo ukhala ukumudikira?

Ndili ndi mnzanga amene tinakhala naye desiki imodzi ku sekondale. Iye anakulira m'mudzi wa ana wa bungwe lina, ndipo kunena zoona anamulera bwino. Chingerezi chake ife tinkachita kumusirira, nsapato ankasintha, ife tikuyenda ndi zigamba. Atalemba mayeso a Fomu 4, nthawi yake yokhala kumeneko inatha, anamupatsa katundu wake ndi kandalama koyambira, n'kumuperekeza kwawo. Atafika, agogo ena atamulonjera kuti "Ajimwiche uli?" mnyamata anangoti kukamwa yasa, Chiyao chinathawa kalekale. Khasu kuligwira ngati ndodo ya mfumu. Atafunsa za munda wa malemu amayi ake, atsibweni anamuyankha akuseka: "Aphwanga, ife tinkayesa azungu anu aja akupatsani malo. Kuno tinagawana kale." Lero mnzangayo akupalasa kabaza pa Liwonde pano, akuchita lendi kachipinda kamodzi. Satifiketi ali nayo, ulemu ali nawo, koma kwawo alibe. Akadzadwala kapena akadzafuna kukwatira, ankhoswe ake adzakhala ndani?

Nkhani yotereyi si ya mnzanga yekha. Amene anaonera filimu ya Buddha in Africa ya mu 2019 akudziwa. Imaonetsa mnyamata wa Chimalawi amene anakulira ku Amitofo Care Centre kunja kwa mzinda wa Blantyre, wodziwa Chitchaina ndi masewera a kung fu, koma atakula n'kupezeka ali pamphambano, osadziwa ngati atsate amene anamulera kapena abwerere kwa abale ake kumudzi. Kulera mwana si kumudyetsa kokha, n'kumusiyiranso poponda.

Kodi njira ina ilipo? Ilipo, ndipo sitichita kukwera ndege kuti tikaione. Mukatenga msewu wa ku Mangochi, kuli Malawi Children's Village yomwe anayambitsa a Chakunja Sibale ndi a Kevin Denny mu 1997. Dzina lake ndi mudzi wa ana, koma nzeru yake inali yoti ana asachoke m'midzi mwawo. Anasankha anthu odzipereka m'midzi yoposa 30 yozungulira kuti aziyendera ana amasiye m'makomo a abale awo, bungwe n'kumathandiza ndi sukulu, chipatala ndi maphunziro a ntchito zamanja. Mwana akuphunzira, koma madzulo akukagona kwa agogo ake, akumva chilankhulo chake, ndipo mudzi wonse ukumuona kuti uyu ndi mwana wa malemu uje, munda wake ndi uwo.

Kufupi ndi nkhalango ya Liwonde, a bungwe la HELP Malawi anaika mphamvu zawo pa sukulu ya pulayimale ya Nanthomba, kumene wamasiye ndi wa makolo amakhala pa benchi imodzi. A Mary's Meals, amene maganizo awo anabadwira m'dziko muno m'chaka cha njala cha 2002, anaona kuti kapu ya phala la likuni kusukulu imakoka mwana kuposa mkwapulo. Boma nalo linayambitsa Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006, ndipo Machinga inali m'gulu la maboma oyambirira kulandira. Zonsezi zikuloza kumodzi: ukathandiza khomo, wathandiza wamasiye pamodzi ndi ana ena onse a pakhomopo, ndipo ndalama yolerera mwana mmodzi kumpanda, ndi alonda, ophika, magetsi ndi galimoto, ingathe kufikira ana angapo ali kwawo.

Maiko enanso anaona zomwezi. Mu 2009 bungwe la United Nations linagwirizana mfundo zoti umphawi pawokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa abale ake, ndipo kumalo osungirako ana kukhale kothawira zina zonse zikakanika. Dziko la Rwanda linayamba kutseka nyumba za ana amasiye mu 2012 n'kumawapezera mabanja. Kuno kwathu boma mothandizana ndi UNICEF linayesa ntchito yobwezera ana kwa abale awo m'maboma a Blantyre, Lilongwe, Dedza ndi Mangochi.

Koma pepani, ndisakunamizeni kuti kumudzi ndi kumwamba. Tonse tawaona ana amasiye amene asanduka antchito m'nyumba za abale awo enieni. Ana a mwini nyumba ali m'kalasi, iye ali pa siteji ya basi ndi beseni la mandasi pamutu, kuthamangira mawindo a minibasi. Mtsikana akangotha msinkhu, azakhali ayamba kale kuwerengera za mwamuna wa ku Joni, ngakhale malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011, koma maliro asanathe n'komwe njinga, malata ndi mbuzi zimakhala zitapeza kale eni ake atsopano. Choncho kungomutenga mwana kumpanda n'kukamutula pakhomo lotere, popanda womuyendera, kumeneko n'kutaya, si kubwezera. Pali ana ena amene kumpanda kuja ndiye kotetezeka, ndipo malo otere ayenera kukhalapobe chifukwa cha iwo.

Tsono pempho langa ndi ili. Kwa inu a mabungwe amene muli ndi midzi ya ana: tchuthi chilichonse mwana azipita kwawo, ndipo nthawi ya dzinja akagwireko khasu. Abale ake muziwaitana, asamachite kuopa geti ngati akulowa kupolisi. Mwana wa Chisilamu akhalebe Msilamu, wa Chikhristu akhalebe Mkhristu, asagule nsima ndi chipembedzo. Sukulu yanu itsegukirenso ana a m'midzi yoyandikana nanu, kuti anawo akhale ndi anzawo kunja kwa mpanda, komanso kuti nsanje ichepe. Ndipo za tsiku lotuluka muziyamba kukonza mwana ali Sitandade 5, osati atalemba kale Fomu 4. Amene sukulu yamukanika atuluke ndi luso m'manja, kaya ukalipentala, utelala kapena kuwotcherera.

Kwa inu mafumu athu, a gulupu ndi a nyakwawa: mwana akamachoka m'mudzi mwanu kupita kumalo otere, lembani m'buku lanu pamaso pa mboni kuti munda wa amake ndi uwu, malire ake ndi awa, ndipo amene akulimapo akungosungira. Cholembera cha K500 chingathe kupulumutsa mlandu wa zaka 15 zikubwerazo.

Kwa a ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku Machinga ndi ku Balaka: lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lili m'manja mwanu. Malo aliwonse osunga ana akhale odziwika ndi boma, ndipo mwana aliyense akhale ndi failo yonena kwawo, mfumu yake ndi mbale wake. Makhansala ndi aphungu athu, anthu amenewa amafunika mafuta a njinga yamoto kuti ayendere ana, muziwakumbukira pogawa ndalama za khonsolo.

Pomaliza, kwa ife abale. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga wa mlongo wako ndiye n'kukhala wa azungu? Ngati muli ndi mphwanu kapena mdzukulu kumalo otere, Loweruka likubwerali kwerani kabaza mukamuone. Musadandaule za mphatso, chinangwa chophika kapena mango awiri akwana. Mukamuuze dzina la agogo ake, mukamuuze kumene kuli manda a amake, ndipo mukamuuze kuti munda wake ulipo. Mukatero mubwerere kumudzi mukaonetsetse kuti mwanena zoona.

Tikumanenso sabata yamawa, Mulungu akalola.