Kuchemerera kuyende limodzi ndi kulipira pageti

Mumzinda wa Winnipeg m'dziko la Canada muli timu ya Jets yomwe imasewera hockey ya pamadzi oundana. M'chaka cha 1987, pokumana ndi Calgary Flames yomwe masapota ake amavala zofiira, ochemerera Jets adapangana kuti aliyense abwere atavala zoyera. Bwalo lonse lidayera mbuu, ndipo mwambowu ulipobe pamasewero a ndime yachipulula.

Ife tikuti nzeruyi njabwino chifukwa njosaboola m'thumba. Malaya oyera agogo ali nawo, mdzukulu ali nawo, choncho banja lonse limatengako mbali.

Komabe phokoso lokha silisunga timu. Mu 1996 Jets idasamukira ku Phoenix kaamba ka kukwera kwa malipiro a osewera komanso kugwa mphamvu kwa dola ya Canada. Anthu adakhala zaka 15 opanda timu muligi ya NHL. Timu ina itabwera kuchokera ku Atlanta mu 2011 n'kutenga dzina la Jets, matikiti 13,000 a chaka chonse adatha m'masiku ochepa.

Tsono inu amene muli ndi timu kwanuko, panganani zovala, imbani mokweza, tengani ana. Koma mukafika pageti, pisani m'thumba. Wolumpha mpanda akuipha timu yomwe akuiimbirayo.