WA ZAKA 18 NDI MWANA?

Abale ndi alongo a kwa Mlonyeni, kumbukirani! Pa referendamu ya pa 14 June 1993, wosakwana zaka 21 sanaloledwe kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Ati ndi mwana. Mwana? Nanga pogulitsa khadi lachipani pamsika, achiyufi ankafunsa zaka? Ngakhale khanda lakumbuyo ankaliguliratu khadi! Kungodutsa pa Mwami, anzathu a ku Chipata a zaka 18 adavota kale mu 1991.

Nyali itapambana, mu November 1993 Nyumba ya Malamulo idatsitsa zakazo kufika pa 18, n'kuthetsanso upulezidenti wamuyaya. Lero zili m'gawo 77 la malamulo oyendetsera dziko. Achinyamata inu, wina akati "dikirani mukule," muuzeni za gawo limenelo, mukalembetse basi!