Pempho kwa Anthu a ku Mpingu: Tilipatse Mphamvu Bungwe Loteteza Ufulu Wathu Wofunsa

Mafumu athu, amayi ndi abambo, achinyamata a ku Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, tabwera ndi nkhani. Ndife anzanu a konkuno omwe timakumana pokambirana za chitukuko, ndipo chatiwawa n'chakuti tili ndi lamulo labwino lomwe woliyang'anira wake alibe mphamvu zokwanira.

Gawo 37 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wodziwa zomwe boma likusunga. Kwa zaka zambiri ufuluwo unangokhala papepala. Atolankhani, pamodzi ndi bungwe la MISA Malawi, anakakamira mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016. Pulezidenti Peter Mutharika analisayina mu Febuluwale 2017, komabe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020.

Lamuloli likuti ofesi iliyonse ya boma, kuphatikizapo khonsolo yathu ya Lilongwe, ikhale ndi mkulu woyankha mafunso a anthu, ndipo ayankhe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Amene sadziwa kulemba akhoza kufunsa pakamwa, mkuluyo n'kumulembera. Akakukanizani, mumadandaula kwa bwana wa ofesiyo, zikakanika mumapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, lomwe ambiri amalitchula kuti MHRC, ndipo kenako kuli Bwalo Lalikulu la Milandu.

Vuto lagona pa MHRC pomwepo. Bungweli linali nawo kale mtolo wake: kufufuza nkhanza zochitikira ana ndi amayi, kuyendera ndende, kumva madandaulo a anthu a dziko lonse. Pamwamba pa zonsezo analisenzetsanso ntchito yophunzitsa anthu za lamuloli, kulondola maunduna ndi makhonsolo onse ngati akulitsata, ndi kuunika madandaulo a omwe akanizidwa. Koma ndalama ndi antchito sizinabwere molingana ndi ntchitoyo, ndipo akuluakulu a bungweli akhala akunena poyera kuti zomwe amalandira n'zoperewera. Kuli ngati kulemba mlonda wa msika wonse koma osamupatsa tochi. Maofesi ena anachedwa ngakhale kusankha mkulu woyankha mafunso, podziwa kuti wowafunsa sabwera msanga.

Taganizani, abale. Likulu la MHRC lili mumzinda wa Lilongwe, pafupi pomwepa potsata msewu wa Mchinji. Ngati ife oyandikana nalo chonchi ambiri sitinamvepo za lamuloli, nanga anzathu a ku Chitipa ndi ku Nsanje?

Mwina wina anganene kuti izi n'za atolankhani ndi ophunzira a m'tauni. Ayi ndithu. Pofika 2024 thumba la chitukuko la CDF linali litafika K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ndi ufulu wanu kudziwa kuti ndalamazo zinamanga chiyani, kontirakitala anali ndani, ndipo mjigo kapena buloko ya sukulu inadya zingati. Dzina lanu likasowa pa mndandanda wa fetereza wotsika mtengo, muli ndi ufulu wofunsa mmene mayinawo anasankhidwira. Mankhwala akatha pachipatala, mukhoza kufunsa kuti anabwera liti komanso ochuluka bwanji. Mafunso otere timafunsana tokha pachigayo ndi pamaliro, koma sitiwafikitsa kwa eni ake oyankha.

Choncho tikupempha kuti tiyambe kufunsa, ndipo tizifunsa molemba. Lembani kalata, ikani tsiku, sungani kope lake. Masiku 15 aja akadutsa popanda yankho, musangoti "ndi mmene zilili", pititsani dandaulo patsogolo mpaka lifike ku MHRC. Ena adzati tikuwonjezera katundu bungwe lolemedwa kale. Ife tikuona kuti madandaulo olembedwa ndiwo umboni womwe bungweli lingaonetse kwa Nduna ya Zachuma popempha ndalama, chifukwa kukakhala zii boma limayesa kuti zonse zili bwino.

Aphungu athu ndiwo amavomereza bajeti chaka chilichonse. Akabwera kumsonkhano kuno, tiwafunse mwaulemu koma mosabisa: mwapatula zingati za MHRC zoyendetsera lamuloli, ndipo inuyo munayankhulapo chiyani m'Nyumba ya Malamulo? Makhansala nawo atiuze dzina la mkulu woyankha mafunso kukhonsolo, alimate pa zipatala, pa masukulu ndi pa misika.

Kwa inu mafumu athu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, tikupempha kuti mutipatse mpata pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti lamuloli lifotokozedwe m'Chichewa chomveka. Achinyamata odziwa kulemba, khalani pafupi ndi agogo ndi amayi omwe ali ndi funso, muwathandize kulemba kalata yawo yoyamba mwezi uno.