Akakubwezani kuti magazi achepa

Pali mawu amene makolo ambiri kuno ku Dowa sawalandira bwino akapita ndi mwana ku opaleshoni yokonza maonekedwe. Munthu wagulitsa ndowa ya soya kuti apeze ya basi, wafika mumzinda, mwana am'baya chala, kenaka dokotala akuti: "Bwererani kaye, magazi ndi ochepa." Pofika kumudzi nkhani imakhala itasintha kale, ati achipatala amakondera, kapena amafuna kangachepe.

Ndikunena maopaleshoni omwe si achangu: mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika, wina amene adapsa ndi moto khungu n'kukokana, mtsikana amene chipsera chidatupa pakhutu ataboola ndolo. Eni ndalama amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena ku Turkey kukaphwetsa mimba, koma nakonso dokotala wodziwa ntchito yake amayamba wayeza magazi. Kusiyana kwake n'koti ife kuperewera kwa magazi ndi nkhani ya pakhomo lililonse. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 63 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu, komanso amayi 33 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, ali ndi vutoli.

Ine ndimaphunzitsa Biology pasekondale ina ya kumudzi, choncho ndiloleni ndilankhule ngati ndili m'kalasi. Chimene amayeza chija ndi himogulobini, chinthu chofiira chonyamula mpweya wa okosijeni m'magazi. Bungwe la WHO limati mayi amene sali woyembekezera akatsika pa 12, kapena bambo akatsika pa 13, ndiye kuti magazi aperewera. Madokotala osoka milomo ya ana ali ndi lamulo lawo lakale la makhumi atatu: mwana akwane masabata 10, alemere makilogalamu pafupifupi anayi ndi theka, omwe ndi mapaundi 10, ndipo himogulobini ifike pa 10. Pa opaleshoni munthu amataya magazi, mankhwala ogonetsa amalemetsa mtima, ndipo bala kuti lipole limafuna okosijeni, vitamini C ndi zinki. Mwana wochepa magazi akhoza kusokedwa bwinobwino, bala n'kudzatuluka mafinya kapena kumasuka. Chipsera chachiwiricho chimaposa choyamba.

Ena amafunsa kuti bwanji osangomuthira magazi. Magazi a m'chipatala sagwa ngati mvula. A Malawi Blood Transfusion Service ambiri mwa magaziwo amawatenga kwa ophunzira athu omwewa, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera amasowa. Botolo limene lilipo amasungira mayi amene akutaya magazi pobereka ndi mwana amene malungo amufoola. Opaleshoni imene ingadikire miyezi iwiri singalande botolo limenelo, ndipo ine pamenepa ndili mbali ya madokotala.

Chimene chimandiwawa ndi momwe miyezi yodikirayo imathera. Chaka chatha mayi wina woyandikana nane adabwezedwa ndi mwana wake wa mlomo wong'ambika. Achibale adasonkha ndalama n'kugula zakumwa zofiira za m'botolo, agogo ake n'kuwiritsa masamba a mapeyala mpaka madzi adafiira ngati magazi enieni. Chikondi chidalipo chochuluka. Koma kufiira kwa chakumwa si ayironi, ndipo mwana wa miyezi inayi sayenera kumwa zimenezo. Vuto lake lidali loti amalephera kugwira bere, mkaka umatulukira m'mphuno. Namwino atamuonetsa mayiyo kufinya mkaka ndi kumwetsa mwana ndi kapu atamukhazika tsonga, sikelo idayamba kukwera.

Kwa ana okulirapo ndi akuluakulu, funso loyamba likhale loti magaziwo akupita kuti. Malungo amaswa maselo ofiira. Njoka za m'mimba zimayamwa magazi mwakachetechete. Likodzo limawataya pokodza, ndipo ana athu osewera m'madambo ndi m'madimba alidziwa. Atsikana ena amataya ochuluka akakhala kumwezi koma amachita manyazi kunena. Kumwa mapilitsi a ayironi osachiza zimenezi kuli ngati kutungira madzi m'ndowa yobooka.

Kenaka chakudya. Dowa ndi Ntchisi timalima soya, nyemba ndi mtedza zambiri, koma pofika Julaye zonse zili pa sikelo ya mavenda ku Mponela, pakhomo patsala nsima ndi mpiru wamchere. Sungani ndowa imodzi. Usipa, matemba, chiwindi, ngakhale mbewa, zili ndi ayironi amene thupi limatenga mosavuta. Wa m'nyemba, bonongwe, chisoso ndi khwanya amalowa bwino akatsagana ndi vitamini C, ndiye pakhale gwafa, papaya, malambe kapena ndimu. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, choncho asamwedwe pamodzi ndi chakudya kapena mapilitsi. Masamba obiriwira amapatsanso foliki asidi, pomwe vitamini B12 amapezeka m'nsomba, mazira, mkaka ndi nyama basi. Zonse ziwiri zimafunika popanga maselo ofiira.

Mapilitsi a ayironi sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamatenga masabata kuti nambala ikwere, ndipo nthawi zambiri amati mupitirize miyezi itatu kuti nkhokwe ya m'thupi idzaze. Chimbudzi chimada, ena amachita nseru, ndiye ambiri amasiya pasabata yachiwiri. Kudako n'kwa mankhwala chabe. Ndipo muwabise, chifukwa mwana akameza ambiri nthawi imodzi akhoza kufa.

Kwa achipatala ndili ndi pempho limodzi. Mawu oti "magazi achepa" okha sakwanira kwa kholo limene lawononga ndalama ya ulendo. Lembani m'buku la kuchipatala nambala imene mwapeza, nambala imene mukufuna, ndi tsiku lobwerera. Mabungwe ngati Operation Smile amasoka milomo ya ana ulere. Mwana atayezedwa kaye pachipatala chapafupi masabata angapo tsikulo lisanafike, ulendo wa ku Lilongwe ukhoza kukhala umodzi.